Diso la Agogo Ake

Ku situdiyo ankamutchula kuti Labala, chifukwa ntchito yake inali yofufuta. Bwana ankajambula kutsogolo, iye ankakhala kuseri kwa katani, pa kompyuta, n'kumamaliza zimene Mulungu anasiyira panjira. Ziphuphu, zipsera, thukuta la pamphuno, manthongo a ana asukulu obwera m'mawa osasukusula, zonsezo zinkathera m'manja mwake. Koma chimene chinkamudyera nthawi kwambiri ndi maso.

Anthu ndi maso awo, abale inu! Palibe amene amakhutira nawo. Uyu akuti muwachepetseko, anzanga amati ndi otong'oka ngati a kadzidzi. Uyo akuti muwakulitseko, kuntchito amandinena kuti ndili ndi timaso ta nkhumba. Chidakwa chikufuna maso ake ofiira psu aja ayere kuti chikafunsire ntchito ya ulonda. Mtsikana wa maso ogona, aja amaoneka ngati mwini wake wangodzuka kumene, iyeyo ndiye safuna uwakhudze n'komwe, akuti anthu amafera omwewo. Ndiye pali wa maso opingasa, amene ukamalankhula naye sudziwa ngati akuyang'ana iwe kapena kalendala ya pakhoma. Ameneyo amalowa kuseri kwa katani n'kunong'ona kuti, "Asisi, mundiwongolereko pang'ono, chithunzichi n'chopita kwa chibwenzi."

Labala ankawongola. Ankakonzanso zolakwa za fulashi. Fulashi ikang'anima, maso a munthu pachithunzi amatuluka ofiira, makamaka a ana. Iye ankangodina, kufiira kuja n'kusanduka kuda. Anali atakonza maso ofiira ambirimbiri, moti akanatha kuigwira ntchitoyo atatsinzina.

Kunyumba n'kumene kunali banga losafufutika. Mwamuna wake anali dalaivala wa thiraki ya maulendo ataliatali, munthu wochoka lero n'kudzabwera mutayamba kuiwala kutsokomola kwake. Mwana wawo wamkazi atabadwa, achibale a mwamuna anabwera kudzaona khanda. Mlamu wake, mlongo wa Dalaivalayo, mayi wa saluni wodziwa za m'nyumba iliyonse, sananene kanthu. Iyayi, mlamu sanena kanthu. Anangoliyang'ana khandalo ndi diso la nkhwezule, kenako n'kuyamba kupinda zala chimodzichimodzi, milomo ikuyenda, kuwerengetsa miyezi imene mchimwene wake anali pamsewu. Onse m'chipindamo anaziona zalazo. Dalaivala anazionanso.

Kuyambira pamenepo mwamuna uja ankanyamula mwanayo ngati mmene umanyamulira chikwama cha munthu wina mu minibasi: osachigwetsa, komanso osachikumbatira. Sanamunene mkazi wake, sanamumenye, sanachepetse za pakhomo. Ankangoti "mwanayu", osati "mwana wanga". Labala ankadziwa kuti mwana ndi wa mwamunayo, panalibenso wina, koma chilungamo sichilembedwa pamphumi. Zinkamupweteka kwambiri, ndipo analibe pokalilira.

Ndiye tsiku lina masana, mwana atayamba kuyenda chogwira mipando, apongozi, mayi a Dalaivala, anabwera kudzacheza. Anakhala pa sofa ndi kapu ya tiyi, mdzukulu akusewera pansi pafupi ndi chitseko. Mwana anatembenuka, kuwala kwa pawindo kunamugwera kumaso, ndipo diso lake lakumanzere linangoti nyezi. Kapu ija inathera pansi.

"Mayo ine! Amuna anga! Malemu abwerera!"

Apongozi anagwada pa tiyi wotayikayo, namugwira mwana masaya.

"Amake mwana, thamangani mudzaone! Maso amphaka! Maso a agogo ake enieni!"

Malemu bambo a Dalaivala anali ndi maso amphaka, aja otuwira ngati tiyi wopanda mkaka ukamuunika padzuwa. Banja lonse linkanyadira maso amenewo, koma mwa ana awo onse panalibe amene anawatengera. Lero si awa atulukira mwa mdzukulu? Labala anabwera manja ali ndi thovu, anayang'ana, anangoona maso akuda a masiku onse. Apongozi anamupendeketsa mwana mutu pang'ono, ndipo iyenso anaona. M'kati mwa diso munawala chinthu chotuwa, n'kuzimanso.

"Koma ndi limodzi, amayi."

"Inu mumawadziwa maso amphaka kuposa ine amene ndinkadzuka nawo pafupi zaka zonse zija? Limayamba limodzi, linalo limatsatira. Kodi mano amamera tsiku limodzi?"

Dzuwa lisanalowe foni zinali zitalira kale m'banja lonse. Mwana anapatsidwa dzina latsopano, Kamphaka, lobadwa nalo lija n'kuiwalika. Mlamu zala zake zija anazibwezera m'thumba. Dalaivala atabwera ku ulendo, mayi ake anamukokera pawindo, namuonetsa. Munthu wamkulu uja anakhala pansi, pansi penipeni, n'kumuika mwana pamiyendo. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Kamphaka ka adadi." Mawa lake anakagula tinsapato tolira poyenda. Ankamunyamula pamapewa popita kogula buledi, ankaimba foni ali kutali kuti angomva mwana akupumira mu foni. Labala ananenepa. Ndani akanamunena? Nyumba yake inali itachira.

Mwana atayamba kuyenda yekha, apongozi analamula kuti banja lonse likajambulitse ku situdiyo. Bwana anawaimika kutsogolo kwa nsalu yojambulidwa mathithi, fulashi inang'anima, Labala analowa kuseri kwa katani. Pa kompyuta maso a onse anali ofiira monga mwa nthawi zonse. La Kamphaka lakumanja linali lofiira. Lakumanzere linali loyera mbee, ngati batani la shati. Dzanja linagwira ntchito mutu usanaganize. Anadina, maso onse anada, anasindikiza.

Apongozi atalandira chithunzicho anachiyandikitsa kumaso, anachitalikitsa, nkhope n'kugwa.

"Diso la agogo ake lili kuti? Amake Kamphaka, mwayamba kufufuta mtundu wathu?"

Labala anabwerera kuseri kwa katani, nasindikiza china, diso loyera lili poyera. Chimenecho ndiye chinaikidwa m'felemu n'kupachikidwa pamwamba pa wailesi yakanema, mlendo aliyense n'kumaonetsedwa asanapatsidwe ndi madzi omwe.

Mtima wa Labala unayambira pamenepo kusakhazikika. Maso ofiira anakonza osawerengeka, koma loyera anali asanalionepo. Anthu a maso amphaka ankabwera ku situdiyo, inde, ndipo fulashi inkawafiiritsa ngati wina aliyense. Anakumbukira kuti apongozi anabweretsapo chithunzi cha malemu, chojambulidwa pa phwando lina, kuti achikulitse. Chinali chikadali mu kompyuta. Anachitsegula, nakulitsa nkhope mpaka inadzaza sikirini. Malemu anamuyang'ana ndi maso awiri ofiira bwinobwino. Kutuwira kwawo kunali m'mphepete, kuzungulira mwana wa diso. Kwa Kamphaka m'mphepetemo munali mwakuda ngati mwa mayi ake. Choyeracho chinali pakati penipeni, chikusuzumira kuchokera m'kati. Labala anatseka chithunzicho msangamsanga, nacheuka kuona ngati Bwana waona.

Anayamba kufunsa, koma mozungulira. Bwana anati, "Ndi fulashi imeneyo, mwana anapendeketsa mutu. Iwe konza zithunzi za anthu, akudikira." Telala wa khomo loyandikana anachotsa mapini pakamwa n'kunena kuti choyera m'diso ndi ng'ala, koma ng'ala ndi ya nkhalamba, mwana angaitenge kuti? Mayi wogulitsa mayunitsi pakhonde anati msuweni wake anabadwa ndi nyenyezi m'diso ndipo pano ali ndi magalimoto, ndi mwayi umenewo, asauthawitse. Aliyense anali ndi liwu lake, ndipo aliyense akalinena ankabwerera ku ntchito yake mtima uli m'malo.

Pa shelefu ya situdiyo panali buku lonenepa lotanthauzira mawu, la Bwana, limene linkathandiza potayipira anthu zolemba zawo, ngakhale ntchito yake yeniyeni inali yotsamiritsa chitseko kukamawomba mphepo. Labala analitsegula pa mawu akuti diso. Anapeza chikope, nsidze, mwana wa diso, misozi, manthongo. Anapeza ng'ala, anapeza khungu. Anapeza kuphethira, kutsinzina, kutuzula, kutong'ola. Anapita pa mphaka, anangopeza kuti ndi nyama yoweta yogwira makoswe. Zikomo kwambiri! Chibuku chonsecho chinalibe mawu a chinthu chimene chinali m'diso la mwana wake. Nanga chinthu chopanda dzina ukachinena bwanji kuchipatala?

Tsiku la sikelo anapita ndi mawu okhawo amene anali nawo. Mzere unali wautali, ana akulira, namwino mmodzi akuthamanga ndi zonse. Itafika nthawi yake, Labala anamwetulira n'kunena kuti, "Anesi, mwanayu kwathu akuti ali ndi maso amphaka." Namwino anamuyang'ana mwana, ndipo m'chipinda mopanda dzuwa muja maso anali akuda bwinobwino. Anaseka.

"Ndiye mukudandaula? Masowa akadzayera, ameneyu adzavutitsa anyamata. Pali china?"

Panali china. Chithunzi chinali mu foni, m'chikwama, pansi pa thewera. Labala anati, "Ayi, palibe," nasekanso, natuluka.

Tisamunamizire namwinoyo. Labala anasankha dala mawu amene ankadziwa kuti abweretsa kuseka. Ankafuna munthu wa yunifolomu amuuze kuti palibe vuto, ndipo anamuuzadi. Koma asanafike ndi pa siteji pomwe mtima unali utayambiranso.

Sankakhalanso pansi. Kuntchito ankakonza zithunzi ataimirira, mpando ataukankhira kumbali, mpaka Bwana anamufunsa ngati ali ndi chithupsa pokhalira. Tsiku lina anapereka chithunzi cha ukwati, mkwati diso lina lokonza lina lofiira, ndipo mkwatibwi anabwera yekha kudzatukwana. Mumsewu ankangoona maso. Amati maso alibe uku n'kwa apongozi, ndipo ake analibedi. Ankasuzumira ana a eni ake mu minibasi mpaka amayi awo kuwafunditsa. Pa mlatho wa oyenda pansi pankakhala bambo wopemphetsa wa ng'ala diso limodzi, amene ankamudutsa tsiku lililonse osamuona. Tsopano anaima, namuyang'anitsitsa, mpaka bamboyo anafunsa kuti, "Mayi, mukundipatsa kapena mukundijambula?" Ng'ala yake inali yokuta pamwamba, yosazima. Ya Kamphaka inkabwera n'kupita. Sizinali zofanana, ndipo kusafananako sikunamutonthoze.

Dalaivala akaimba foni funso linali lomwelo.

"Linalo layamba kuyera?"

"Likadali lakuda."

"Lisachedwe, ine ndauza kale anzanga onse kuno. Tandipatsa Kamphaka kanga ndikamve."

Mawu ankafika pa lilime, iye n'kuwameza, n'kupereka foni kwa mwana.

Kunyumba ankatsuka mbale zotsukatsuka kale, maso ali pa mwana. Anaona kuti Kamphaka amagunda ngodya ya tebulo ndi tsaya lakumanzere lokhalokha. Anaona kuti supuni ikabwera chakumanja amayasama, ikabwera chakumanzere amadzidzimuka itamukhudza kale mlomo. Loweruka lina m'mawa anachita ngati masewera. Anamuphimba diso lakumanzere ndi chikhato. "Ali kuti amama?" Mwana anaseka, namugwira mphuno. Anamuphimba lakumanja. Mwana anakuwa kukuwa kwa munthu amene amuzimitsira magetsi mwadzidzidzi, n'kumakanda dzanja la mayi ake ndi tizikhadabo.

Labala anamukumbatira, mwana akulira, iye akulira. Tsopano ankadziwa. Diso limene linamanga banja lake silinkaona.

Ndiye atani? Akanena kuti ndi matenda, diso la agogo latha, zala za mlamu zituluka m'thumba, mwana abwerera kukhala chikwama cha mu minibasi. Akakhala chete, chinthu chija chizisuzumirabe, ndipo sankadziwa kuti chikufuna chiyani. Anazengereza, tisabise, anazengereza ndithu. Anthu amati zengerezu analinda kwawukwawu, koma onena mwambiwo nthawi zambiri amakhala kuti si iwo ali pamoto.

Amene anamudzutsa ndi mlamu yemweyo. Anabwera kudzamuluka mwana tsitsi, namutembenuza mutu uku ndi uku, n'kuseka.

"Alamu, Kamphaka kanu kayamba kupingasa bwanji? Diso lina lili pa ine, lina lili kwa aneba. Malemu adadi sanali choncho."

Labala anayang'ana. Linali litayambadi kuthawira kumbali.

Sanadikire kuti mwamuna abwere kunyumba. Dalaivala anali kudepoti, akukonzekera ulendo wa mawa lake. Labala anabereka mwana tsitsi lili loluka theka, anatsitsa chithunzi chija pakhoma, nachiika m'jumbo. Kudepoti kunali fumbi ndi fungo la dizilo, mathiraki ataima mizere. Anamupeza atagwada pa tayala, akupima mpweya.

"Bambo a Kamphaka, ndikufuna tilankhule."

"Kuno? Kwagwanji?"

Mawu onse amene anakonza m'njira anabalalika. Anangotulutsa amene anali pamwamba.

"Diso lija si la agogo ake."

Dalaivala anaimirira pang'onopang'ono. Anapukuta manja pa ovolosi, kupukuta, kupukutabe, manja atauma kale.

"Ndiye ndi la ndani?"

Ha! Labala anamva ngati amuthira mbama. Anabwera ndi mantha, koma apa mantha anathawa, kunabwera ukali umene anausunga kuyambira tsiku la zala lija.

"Ndi la ndani? Mukufunsa kuti ndi la ndani? Si la munthu! Ndi matenda! Mwana sakuona diso limeneli! Mwana ndi wanu, anali wanu diso lisanawale, ndipo ine ndatopa kukhala m'nyumba yoimira pa diso lodwala. Ndamuchedwetsa mwanayu kuchipatala chifukwa choopa nkhope yomwe mwapangayi. Ndikupita. Mukafuna mutipeza ku chipatala chachikulu, mbali ya maso."

Anzake a Dalaivala anali atasiya masipanala, maso onse dwii. Kamphaka ali kumbuyo anatambasula manja, "Adadi," koma mayi ake anali atatembenuka kale.

Kuchipatala anadikira ataimirira, benchi ili ndi malo. Dokotala wa maso anali mayi wa imvi zoyamba kumene, wolankhula motsitsa. Ulendo uno Labala sanamwetulire. Anatulutsa felemu m'jumbo, naiika patebulo. Dokotala anachiyang'ana chithunzicho ndipo sanaseke. Anamuthira mwana mankhwala m'maso, anatseka makatani, namuunika ndi katochi kake. Kenako anawatumiza kokajambulidwa ndi makina, kenako kwina, mpaka anabwerera pa tebulo lomwe lija dzuwa litapendeka.

"Munayamba kuona liti, mayi?"

"Papita miyezi, adokotala. Kunyumba timati ndi maso amphaka. Agogo ake anali nawo."

Dokotala anavula magalasi, nawaika pambali pa chithunzi chija.

"Mukudziwa, nafenso m'mabuku athu chizindikiro chimenechi timachitchula kuti diso la mphaka. Mawu omwewo. Koma kwa ife si dzina lonyadira. Kumbuyo kwa disoli kwamera chotupa. Kuwala kukalowa kumagunda chotupacho n'kubwerera, n'chifukwa chake limanyezimira."

Labala anagwira m'mphepete mwa tebulo. Ndiye kuti dzina anali nalo nthawi yonseyi! Analifuna kwa telala, analifuna m'chibuku chija, chonsecho ankalitchula m'mawa uliwonse pomudzutsa mwana, ankaliimba pomusambitsa, analilembetsa mpaka pa keke.

"Lichira?"

"Diso ili ayi. Lafika poti tikalisiya chotupacho chipita kwina, ndipo kumeneko tidzakhala tikulimbana ndi moyo, osati diso. Tiyenera kulichotsa msanga. Linzakeli ndaliona, lili bwino, ndipo tiziliyang'anira."

"Ndikanabwera tsiku lomwe linawala lija?"

"Mwina tikanalipulumutsa. Sindikunamizani. Koma mwabwera tikadali ndi chochita."

Atatuluka anapeza apongozi, mlamu ndi Dalaivala pakhonde, atafika kale. Apongozi atamva anakhala pa simenti n'kuyamba kulira malemu kachiwiri. "Achotse diso la amuna anga? Amake Kamphaka, munawauza kuti ndi la kumtundu?" Mlamu sananene kanthu. Mlamu sanena kanthu. Anangotulutsa manja m'thumba n'kumayang'ana zala zake. Dalaivala anaima kumapeto kwa khonde, akadali mu ovolosi. Kamphaka anatsika kumbuyo, nathamangira kwa iye, tinsapato tija tikulira khonde lonse. Dalaivala anamunyamula. Labala anayang'anitsitsa kanyamulidwe kake, koma misozi inamutchinga, sanathe kuona ngati ndi ka mwana kapena ka chikwama.

Ulendo wa thiraki uja Dalaivala sanapite, anapita wina. Tsiku la opaleshoni analipo, masiku a bandeji analipo, ankathamangira mankhwala, ankagwira miyendo mwana akamatsukidwa bala. Koma anali duu. Dzina la Kamphaka linafa lokha m'nyumbamo, panalibe wolimba mtima kulitchula, ndipo lobadwa nalo lija linkamveka lachilendo pakamwa. Mwana ankangoitanidwa kuti "iwe". Pakhoma panatsala msomali. Labala ankadikira tsiku limene mwamuna adzatsegule pakamwa, ndipo ankaopa chimene chidzatulukemo. Komabe akaona mwana akuthamangitsa mpira ndi diso lake limodzi, ankadziwa kuti kaya banja lithe, kudepoti kuja akanapitabe.

Bala litapola dokotala anawatumiza kwa katswiri woika maso opanga. Apongozi anakakamira kupita nawo, mlamu n'kutseka saluni kuti asadzamve za m'maluwa. Kachipinda kanali kakang'ono, anthu anadzazamo. Katswiriyo, bambo wa dazi wokonda nthabwala, anakoka dilowa, ndipo m'menemo munali maso. Maso okhaokha, m'mizere, onse atayang'ana kudenga, akuda, ofiirira, otuwira. Mwana ali pamiyendo pa bambo ake anaomba m'manja, ankayesa maswiti.

"Awa ndi ongoonera mtundu," anatero katswiri. "Lake ndimupangira lomukwana. Tisankhe kaye."

Apongozi anali atatambasula kale chala. Analoza lotuwira, la tiyi wopanda mkaka.

"Ili. Muike ili, bambo." Anatembenukira kwa Labala, mawu atatsika, osati mwankhanza ayi, mochonderera. "Amake mwana, anthu anazolowera. Tiike ili kuti asamafunse."

"Zoona," anatero mlamu. "Anthu amafunsa."

Katswiri anayang'ana Labala. Ndipo Labala, wotopa mpaka m'mafupa, anaona kuti n'zotheka. Si ndiyo ntchito yake? Zaka zonsezi wakhala akupatsa anthu maso amene akufuna. Kungogwedeza mutu basi, diso la agogo libwerera, ulendo uno losadwala, nyumba n'kuimanso. Mwana n'kudzakula ndi diso lina lakuda, lina lotuwa, atanyamula kumaso umboni wa mlandu umene sanapalamule. Zinamunyansa. Anatsegula pakamwa kuti akane, koma wina anamutsogolera.

"Azifunsa ine."

Anali Dalaivala. Sanayang'ane mayi ake, sanayang'ane mlongo wake. Anamugwira mwana chibwano, namutembenuzira kuwindo, n'kuyang'ana diso lotsalalo nthawi yaitali, monga anachitira tsiku lija atakhala pansi. Kenako anaweramira mu dilowa. Chala chake, chakuda ndi oyilo wosachoka, chinayenda pamwamba pa mizere, chinadutsa lotuwira lija, chinakaima kumapeto.

"Ili. Lakuda, lofanana ndi linzake. Mwana wanga ali ndi maso a mayi ake."

Mlamu anati alankhule. Mchimwene wake anamuyang'ana manja, osati kumaso, manja, mpaka mayiyo anawabisa kumbuyo.

Katswiri anatola disolo, naliyandikitsa pa tsaya la mwana, n'kuvomera kuti bambo ali ndi diso. Mwana analilanda, nafuna kuliponya mkamwa, bambo ake n'kumugwira dzanja. "Iwe mwana wanga, si switi imeneyo." Pakona panali mpando wapulasitiki umene munthu sanakhalepo chilowereni. Labala anaukoka, nakhala pansi.